Laisensi ya TV ku Britain: ndalama ya BBC, chilungamo chake ndi maphunziro a ana

Munthu amene wangofika kumene ku Britain, kaya ndi nesi wochokera ku Malawi amene wapeza ntchito ku Leeds kapena wophunzira amene wachita lendi kachipinda ku Manchester, sachedwa kulandira kalata yodabwitsa. Pa envelopu sipakhala dzina lake, pamangolembedwa kuti ndi ya amene akukhala m'nyumbamo. Mkati mwake amamuuza kuti pa adiresi imeneyo palibe laisensi ya TV, kuti anthu ofufuza angathe kumupeza pakhomo, ndiponso kuti kuonera TV popanda laisensi ndi mlandu umene chindapusa chake chimatha kufika mapaundi 1,000. TV anagula yekha, magetsi ndi intaneti akulipira yekha. Nanga chilolezo chinachi n'chachiyani?

Funsoli si la alendo okha. Eni dzikolo alimbana nalo kwa zaka zambiri, ndipo panopa lafika potentha chifukwa chikalata chimene BBC, nyumba youlutsira mawu ndi TV imene imalandira ndalama za laisensiyi, imagwirira ntchito chikutha mphamvu pa 31 Disembala 2027. Boma liyenera kunena ngati laisensi ipitirire, isinthidwe kapena ithe. Mkanganowu ukabuka, nkhani ya ana sisowapo. Oikira kumbuyo laisensi amati ndalamayi imathandiza mwana aliyense m'dzikomo kuphunzira kwaulere. Otsutsa amati ana amangowatchula pofuna kutseka anthu pakamwa. Chimene chimasokoneza womvetsera n'chakuti pali mafunso atatu osiyana amene amawaphatikiza ngati limodzi: ndalama itoleredwe bwanji, ndani anene kuchuluka kwake, ndipo igwire ntchito yanji. Munthu angathe kuyankha limodzi mokomera BBC, lina n'kuyankha moitsutsa, osadzitsutsa yekha.

Laisensiyi n'chiyani kwenikweni

Ndi ndalama imene nyumba iliyonse imalipira pachaka kuti iloledwe kuonera kapena kujambula mapulogalamu a TV pa nthawi imene akuulutsidwa. Mu Epulo 2025 mtengo wake unafika mapaundi 174.50, ndiye kuti mapaundi 14.54 pamwezi. Laisensi imodzi imakwanira banja lonse, kaya m'nyumbamo muli TV imodzi kapena zinayi. Amene akadali ndi TV yosaonetsa mitundu, ndipo alipo ndithu masauzande angapo, mtengo wawo unafika mapaundi 58.50.

Lamuloli siliyang'ana bokosi la TV. Woonera mpira mwachindunji pa foni kapena pa laputopu akufunika laisensi mofanana ndi wa TV yaikulu ya pabalaza. Siliyang'ananso tchanelo. Munthu amene saonera BBC n'komwe, amangoonera ITV kapena Sky imene akulipira kale mwezi ndi mwezi, ayenera kulipirabe, ndalamayo n'kupita ku BBC. Kuyambira mu Sepitembala 2016 laisensi ikufunikanso pa iPlayer, kumene BBC imaika mapulogalamu oti munthu aonere nthawi imene wafuna. Koma woonera mafilimu pa Netflix kapena makanema wamba pa YouTube salipira, ndipo kumvera wailesi n'kwaulere, ngakhale kuti mawailesi a BBC amayendera ndalama yomweyo.

Zonse zikasonkhanitsidwa zimakwana mapaundi pafupifupi 3.8 biliyoni pachaka, zochokera m'nyumba pafupifupi 24 miliyoni. N'chifukwa chake pa matchanelo a BBC a m'dzikomo simumva otsatsa malonda. Kwa nthawi yaitali laisensi inkatengedwa ngati malipiro a ntchito imene munthu akulandira, koma mu 2006 ofesi ya boma yowerengera zinthu inaiika m'gulu la misonkho. Ndi msonkho wachilendo, chifukwa ngakhale umadutsa m'thumba la boma, unalembedweratu kumene ukupita.

Kumene inachokera

BBC inayamba mu 1922 ngati kampani ya opanga mawailesi, amene ankafuna kuti anthu akhale ndi chomvera kuti azigula katundu wawo. Ku America nthawi yomweyo nyumba zoulutsira mawu zinali zitachuluka, zikusokonezana m'mlengalenga, ndipo zinayamba kudalira otsatsa malonda. Akuluakulu a ku Britain sanafune zimenezo. Anasankha kuti woulutsa akhale mmodzi, ndipo mwini wailesi aliyense azigula chiphaso cha masheleni 10 ku positi ofesi. Mu 1927 kampani ija inasanduka bungwe la dziko, lokhazikitsidwa ndi chikalata cha mfumu chotchedwa Royal Charter, chimene chimakonzedwanso pakapita zaka pafupifupi khumi. Mkulu wake woyamba, John Reith, ndiye anaipatsa ntchito zitatu zimene zikutchulidwabe lero: kudziwitsa, kuphunzitsa ndi kusangalatsa.

Laisensi ya TV inabwera mu 1946, ya mapaundi 2. Mu 1952 kunayamba kuyenda magalimoto ofufuzira nyumba zoonera TV mobisa. Mu 1968 anawonjezera mtengo kwa eni TV zoonetsa mitundu, ndipo mu 1971 laisensi ya wailesi yokha inathetsedwa.

Poyamba paja nkhani inali yosavuta. Wokhala ndi wailesi ndiye ankamvera BBC, chifukwa m'dzikomo munalibe woulutsa wina. Wolipira ndi wogwiritsa ntchito anali munthu mmodzi. Zinayamba kusiyana mu 1955, ITV itatsegulidwa ndi ndalama za otsatsa malonda, kenako kunabwera madishi, kenako intaneti. Lamulo limene linapangidwira nthawi ya woulutsa mmodzi likugwirabe ntchito m'nthawi imene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ali ndi makanema osawerengeka m'manja mwake. Madandaulo ambiri a lero amachokera pamenepa.

Wailesi ya anthu, wailesi ya boma

Amene tinakulira kumene wailesi ya dziko imayamba nkhani zake ndi zimene mtsogoleri wanena tsikulo timavutika kumvetsa kusiyana kumeneku, ndipo n'zosadabwitsa. Wailesi ya boma imalandira ndalama kuchokera ku bajeti chaka ndi chaka, ndipo wopereka ndalamayo angathe kuichepetsa akakhumudwa ndi nkhani ina. Wailesi ya anthu imayenera kulipiridwa ndi omvera eni akewo kuti isaope boma ndiponso isaope kampani yotsatsa malonda. Laisensi inapangidwa kuti ikhale mpanda pakati pa atolankhani ndi nduna ya zachuma.

Mpandawo uli ndi chiboo chachikulu, chifukwa mtengo wa laisensi amaukhazikitsa ndi a boma. Boma la Margaret Thatcher linakhazikitsa komiti ya Alan Peacock kuti ione ngati BBC ingamatsatse malonda. Mu 1986 komitiyo inakana zimenezo pa TV, koma inati m'tsogolo anthu adzayenera kulipira mwa kufuna kwawo. Mu 2010 boma linaimitsa mtengo pa mapaundi 145.50 mpaka 2017, n'kuuza BBC kuti iyambe kulipirira World Service, wailesi yake youlutsira kumayiko akunja, imene kale inkalipiridwa ndi unduna wa zakunja, komanso mbali yaikulu ya S4C, tchanelo cha chinenero cha ku Wales. Mu 2022 mtengo unaimitsidwanso kwa zaka ziwiri pa mapaundi 159, ndipo nduna ya nthawiyo, Nadine Dorries, inanena poyera kuti ikufuna laisensi ithe. BBC imanena kuti ukaganizira kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndalama zake zatsika ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse kuyambira 2010. Wapampando wa bodi yake nayenso amasankhidwa ndi boma.

Germany inayesa kutseka chiboo chimenechi. Kumeneko kuli komiti ya akatswiri yotchedwa KEF imene imaunika zimene ARD ndi ZDF, nyumba zoulutsira za anthu za m'dzikomo, zikupempha n'kunena mtengo woyenera. Chigawo cha Saxony-Anhalt chitakana kuvomereza kukweza mtengo, khothi lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu 2021 kuti mtengo ukwere ndithu kufika mayuro 18.36 pamwezi. Ena amayamikira zimenezi, amati andale amangidwa manja. Ena amafunsa chifukwa chake aphungu osankhidwa ndi anthu alephere kukana ndalama imene anthuwo akukakamizidwa kulipira.

Kodi n'chilungamo?

M'midzi yambiri ku Malawi komiti ya mjigo imatolera ndalama yofanana pakhomo lililonse pamwezi, kuti mjigo ukawonongeka pakhale zogulira zipangizo. Wa ng'ombe khumi ndi mayi wamasiye amapereka mofanana. Wotunga zidebe ziwiri ndi wotunga makumi awiri, chimodzimodzi. Ubwino wake ndi wakuti palibe amene anganene kuti mjigo ndi wake, ndipo sipafunika kalaliki wowerenga zidebe. Ndiye pabwere wina amene wakumba chitsime chake pakhomo, n'kunena kuti iye sapereka chifukwa satunga. Komiti imuyankha kuti ana ake amamwa pomwepo akamachokera kusukulu, ndipo chitsime chake chikadzauma mu Okutobala adzabwera. Iye akuti tsiku limenelo likadzafika adzalipira. Mkangano wa laisensi uli ndi mbali zonsezi.

Dandaulo loyamba ndi la mtengo wofanana. Banja limene limapeza mapaundi 12,000 pachaka limataya pafupifupi 1.5 pa 100 alionse pa laisensi, pamene lopeza mapaundi 120,000 limataya 0.15. Msonkho wa pamalipiro suyenda choncho, umakwera munthu akamapeza zambiri. Zochotsera zilipo koma n'zochepa: osaona amalipira theka, ndipo ambiri okhala m'nyumba zosamalira okalamba amalipira mapaundi 7.50. Wosowa ntchito amalipira mtengo wonse. Oikira kumbuyo laisensi savutika kuvomera kuti dandauloli lili ndi mutu. Chimene amanena n'chakuti pa mtengo umenewo munthu amapeza matchanelo angapo, mawailesi a dziko lonse ndi a m'madera, nkhani, masewera ndi maphunziro, zimene akanazilipira zambiri akanagula chimodzichimodzi.

Nkhani ya okalamba inawawa kwambiri. Mu 2000 boma linalamula kuti nyumba imene muli munthu wa zaka 75 kapena kuposa isalipire, ndipo linkabwezera BBC ndalamazo. Mu 2015 nduna ya zachuma George Osborne inakankhira udindowo kwa BBC. BBC inati singakwanitse mapaundi oposa 700 miliyoni pachaka popanda kutseka matchanelo, ndipo kuyambira mu Ogasiti 2020 laisensi yaulere inatsalira okalamba okhawo amene amalandira Pension Credit, chithandizo cha boma kwa okalamba opeza zochepa. Nyumba zoposa 3 miliyoni zinayambanso kulipira. Boma linaloza chala BBC, BBC inaloza chala boma, koma kalata yolamula kulipira inafika kwa agogo.

Dandaulo lina, limene limakhudza ngakhale anthu okonda BBC, ndi loti kusalipira ndi mlandu wa kukhothi. Ku England ndi ku Wales anthu masauzande ambiri amaimbidwa mlanduwu chaka chilichonse, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse opezeka olakwa ndi amayi. Chifukwa chimodzi chimene chimatchulidwa n'chakuti wofufuza akagogoda masana, amene amatsegula chitseko kawirikawiri ndi mayi, ndipo amene wayankha mafunso ndiye amalembedwa. Milandu yambiri imagamulidwa ndi majisitireti mmodzi poona mapepala okha, woimbidwa mlandu palibe. Munthu sapita kundende chifukwa chosowa laisensi, koma angathe kupitako ngati wakaniratu kulipira chindapusa cha khothi. Mu 2015 kafukufuku wa loya David Perry anapeza kuti lamulo lisasinthe, ndipo mu 2021 boma litafunsanso maganizo a anthu linasiya nkhaniyo. Mantha anali awiri: kuti ozemba angachuluke, komanso kuti ngongole wamba imabweretsa olanda katundu pakhomo, zimene kwa wosauka zingakhale zowawa kuposa chindapusa. Ngakhale lamulo lili lolimba choncho, ozemba aposa kale nyumba imodzi mwa khumi.

Ana akulowapo bwanji

Laisensi silipira aphunzitsi, simanga makalasi, sigula mabuku. Sukulu za ku Britain zimayendera misonkho ina kudzera m'maunduna a zamaphunziro. Chimene laisensi imalipira ndi mapulogalamu ndi zophunzirira zimene mwana amazipeza pa TV, pa wailesi ndi pa intaneti, ndipo zimenezi ndi gawo laling'ono la bajeti ya BBC poyerekeza ndi masewera, maseŵero ndi nkhani. Wonena kuti laisensi ndi ya ana wakokomeza. Wonena kuti ana sapindula nayo sanayang'ane mbiri.

Maphunziro a pa wailesi opita kusukulu anayamba mu 1924, BBC isanakwanitse zaka ziwiri. A pa TV anayamba mu 1957. Kuyambira mu 1971 mpaka 2006 BBC inkaulutsa maphunziro a Open University, kawirikawiri usiku kwambiri kapena mbandakucha, kuti anthu apantchito apeze madigiri ali kwawo. Newsround, nkhani zokonzedwera ana, inayamba mu 1972. Mu 1981 kunatuluka kompyuta ya BBC Micro, yopangidwa ndi kampani ya Acorn, imene inalowa m'sukulu zambiri za m'dzikomo ndipo ana ambiri anaphunzirirapo kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mu 1998 kunabwera Bitesize, tsamba lothandiza ana kubwereza zimene aphunzira pokonzekera mayeso, ndipo mu 2002 anatsegula CBeebies ya ana aang'ono ndi CBBC ya okulirapo. Mu 2016 ana pafupifupi miliyoni imodzi a chaka choyamba cha sekondale analandira kakompyuta ka micro:bit, kokwana m'chikhatho.

Kuti muone mmene zimakhalira, taganizirani Numberblocks, katuni ya pa CBeebies. Nambala iliyonse ndi kamunthu kopangidwa ndi timabokosi. Kamodzi kali ndi bokosi limodzi, Kawiri kali ndi awiri, ndipo tikadumphirana timasanduka Katatu. Mwana wa zaka zinayi amaona ndi maso kuti 4 angathe kuima ngati mzere kapena kukhala mabokosi awiri pamwamba pa awiri. Inakonzedwa mothandizana ndi akatswiri ophunzitsa masamu, ndipo aphunzitsi amaionetsa m'kalasi. Ikamaonetsedwa pa CBeebies palibe amene amaidula pakati kuti atsatse maswiti.

Nthawi ya Covid-19 ndi imene oikira kumbuyo laisensi amaitchula kwambiri. Sukulu zitatsekedwa, mu Epulo 2020 BBC inayamba maphunziro a tsiku ndi tsiku. Zitatsekedwanso mu Januwale 2021, inaika maola atatu a pulayimale pa CBBC ndi awiri a sekondale pa BBC Two, poganizira mabanja amene analibe laputopu kapena intaneti yokwanira koma anali ndi TV.

Palinso mfundo yoti ena anathawa ntchitoyi. Lamulo la 2003 linachotsa chiwerengero cha maola a ana chimene matchanelo amalonda ankakakamizidwa kuonetsa. Mu 2007 Ofcom, bungwe loyang'anira oulutsa mawu ndi TV, inaletsa kutsatsa zakudya zamafuta, zamchere ndi zashuga wambiri pa mapulogalamu a ana, pofuna kuteteza thanzi lawo. Cholinga chinali chabwino, koma ndalama za otsatsa zinachepa, ndipo makampani anachepetsa kupanga mapulogalamu atsopano a ana. Tchanelo cha CITV chinatsekedwa mu 2023. BBC inatsala pafupifupi yokha pa ntchito yopanga zinthu zoti mwana wa ku Britain aone ana olankhula ngati iye, m'misewu yofanana ndi ya kwawo. Kwa zinenero za anthu ochepa nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Katuni ya chinenero cha ku Wales pa S4C kapena ya Chigaeliki pa BBC Alba singabweze ndalama zake pamsika, ndipo kholo lililonse limene lafunafuna katuni yabwino ya Chichewa likudziwa chifukwa chake.

Otsutsa ali ndi mayankho awo. Loyamba ndi la BBC Jam. Mu 2003 boma linalola BBC kugwiritsa ntchito mapaundi 150 miliyoni kupanga maphunziro aulere a pa intaneti otsatira silabasi. Makampani ogulitsa mabuku ndi mapulogalamu a sukulu anadandaula ku European Commission kuti sangapikisane ndi chinthu chaulere cholipiridwa ndi anthu mokakamiza. Ntchitoyo inatsegulidwa mu Januwale 2006, n'kuimitsidwa mu Malichi 2007, ndipo sinabwerenso. Ena amaikumbukira ngati umboni wakuti BBC ikalowa malo imapha malonda a ena. Ena amati ana analandidwa chinthu chimene makolo awo anali atalipira kale.

Yankho lachiwiri ndi loti ngati maphunziro a ana ndi ofunika ku dziko lonse, bwanji osawalipira ndi msonkho wamba, umene olemera amapereka wambiri? Mayi wosauka amene watengeredwa kukhothi akulipirira Bitesize ya mwana wa mkulu wa banki mofanana ndi mkulu wa bankiyo. Lachitatu ndi loti ndalama ya ana siyenera kupita ku BBC yokha. Zimenezi zinayesedwa: kuyambira 2019 mpaka 2022 kunali thumba lotchedwa Young Audiences Content Fund, loyendetsedwa ndi British Film Institute, limene linatenga ndalama zotsala za laisensi n'kumathandiza opanga mapulogalamu a ana a pa matchanelo ena. Zaka zitatu zitatha boma silinalipitirize. Lachinayi ndi lowawa kwa BBC: anawo anasamuka. Ambiri amathera nthawi yawo pa YouTube ndi TikTok, ndipo Numberblocks yomwe ija ambiri amaionera pa YouTube kapena Netflix osadziwa kumene inachokera. Mu 2022 BBC inalengeza ganizo loti CBBC idzasiye kuulutsidwa ngati tchanelo n'kukhala ya pa intaneti yokha. Mbali zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito mfundo yomweyi. Ena amati palibe chifukwa cholipirira zimene ana sakuonera, ena amati poti ana ali kumalo kopanda woyang'anira, m'pamene akufunika kwambiri chinthu chodalirika.

Kodi kuonera TV kumaphunzitsadi? Umboni wodziwika kwambiri ndi wa Sesame Street ya ku America, imene inayamba mu 1969. Kafukufuku wa Melissa Kearney ndi Phillip Levine wa 2015 anapeza kuti ana a m'madera mmene pulogalamuyo inkaoneka bwino sankatsalira m'makalasi kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo. Koma Sesame Street sinalipiridwe ndi laisensi. Inayamba ndi ndalama za boma ndi za mabungwe othandiza, ndipo pambuyo pake inachita mapangano ndi HBO, kenako Netflix. Umboniwo ukusonyeza kuti pulogalamu yokonzedwa bwino imathandiza mwana. Za amene ayenera kulipira sunenapo kanthu.

Mmene ena achitira

Germany kuyambira 2013 inasiya kufunsa ngati munthu ali ndi TV. Nyumba iliyonse imalipira, koma olandira chithandizo cha boma ndi ophunzira ena amakhululukidwa. Kugogoda pakhomo kunatha, dandaulo la amene saonera linakula. Finland mu 2013 ndi Sweden mu 2019 zinasandutsa laisensi kukhala msonkho wapadera wolingana ndi zimene munthu amapeza, wokhala ndi malire kumtunda, ndipo opeza zochepa amalipira pang'ono kapena salipira. Italy kuyambira 2016 inaiika pa bilu ya magetsi, ozemba n'kuchepa kwambiri. France inaithetsa mu 2022, pamene inali mayuro 138, n'kumapatsa oulutsa gawo la msonkho wa pa zogula. Switzerland inafunsa anthu mu Malichi 2018 ngati ithe, ndipo oposa 71 pa 100 alionse anavota kuti ikhale. Ku America, kumene kulibe laisensi, aphungu anachotsa mu Julayi 2025 ndalama zokwana madola 1.1 biliyoni zimene zinkayenera kupita ku bungwe lothandiza PBS ndi NPR, TV ndi wailesi za anthu za kumeneko, ndipo bungwelo linalengeza kuti likutseka. Oopa kudalira bajeti ya boma amaloza kumeneko.

Achewa okhala ku Johannesburg kapena ku Harare akuidziwa nkhaniyi mwa njira ina. Laisensi ya SABC, woulutsa wa dziko la South Africa, ndi marandi 265 pachaka, mtengo umene sunasinthe kuyambira 2013, ndipo wogulitsa TV amayenera kuona laisensi asanakugulitse. Komabe oposa 80 pa 100 alionse salipira, moti SABC imadalira kwambiri otsatsa malonda. Ku Zimbabwe lamulo la 2025 linalamula kuti mwini galimoto agule laisensi ya wailesi ya ZBC, woulutsa wa dzikolo, asanapatsidwe mapepala a galimoto yake, ndipo anthu ambiri anakwiya, ena akunena kuti ZBC imakondera chipani cholamula. Anthu akasiya kukhulupirira woulutsa, ndalamayo amaiona ngati chilango, ndipo RTÉ ya ku Ireland inaona zomwezo mu 2023, ogula laisensi atachepa kutsatira mbiri ya malipiro obisika a wowulutsa wake wotchuka.

Ku Malawi maphunziro a pa wailesi anayendapo njira ina. Tikwere, maphunziro a ana a Sitandade 1 mpaka 3 amene ankaulutsidwa pa MBC, anayamba ndi thandizo la USAID. Mphunzitsi ankaika wailesi patsogolo pa kalasi, wailesi ikafunsa ana n'kumayankha onse pamodzi. Makolo sanalipire kanthu, koma ndalama ya opereka thandizo imakhala ndi tsiku lothera, ndipo tsikulo amasankha ndi anthu a kunja.

Mafunso amene akadali poyera

Ngati laisensi ikhala yolingana ndi chuma cha munthu, ndani adzaona za chumacho? BBC ilibe mabuku a misonkho ya anthu, ndipo ikawadalira a boma mpanda uja uchepa. Ngati nyumba iliyonse ilipira monga ku Germany, wachinyamata amene sanatsegulepo BBC adzauzidwa chiyani? Ngati anthu alipira mwa kufuna kwawo monga Netflix, pafunika kutsekera kunja osalipira, ndipo wailesi ndi TV zolandiridwa ndi eriyo sizitsekeka mosavuta. Kutsekako kukatheka, mwana wa banja losalipira ataya CBeebies.

Pali ganizo loti nkhani, za ana ndi maphunziro zilipiridwe ndi onse, maseŵero ndi zosangalatsa zikhale za ofuna kulipira. Limamveka bwino, koma palibe amene akudziwa ngati anthu adzapitiriza kupirira msonkho wa woulutsa amene akuluakulu samuoneranso madzulo. Sizikudziwikanso ngati ndalama ya ana itetezedwe m'chikalata chatsopano kuti isamadulidwe bajeti ikathina, kapena ngati gawo lina lipite kwa opanga mapulogalamu a kunja kwa BBC monga zinalili mpaka 2022. Nanga BBC itsatire ana ku YouTube ndi mapulogalamu ake onse, ndalama za anthu n'kumakokera oonera ku kampani ya ku America, kapena iwasunge pa iPlayer kumene ana ambiri safika? Ndipo ngati kusalipira kusiya kukhala mlandu wa kukhothi, n'chiyani chidzalowe m'malo mwake kwa mayi amene watsegula chitseko?